Kupeta nyengo zinayi za kunyanja pa nsalu imodzi yopachika pakhoma

Nsalu imene tikufotokoza pano ndi ya masentimita 65 mulitali ndi mulifupi, yogawidwa panayi. M'gawo lililonse muli mlambe womwewo, utaima pamalo omwewo m'mbali mwa nyanja, koma nyengo ndiyo yosiyana: dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Yonse ndi yosoka pamanja, makina safunika. Mtengo ndi mapiri a kutsidya sizisuntha m'magawo onse anayi, ndiye diso la woona limagwira msanga chimene chasintha, kaya ndi masamba, mtundu wa madzi, kapena kukula kwa mchenga.

Zithunzi zambiri zophunzitsa kupeta za pa intaneti zimaonetsa nyengo za kumayiko ozizira, zokhala ndi chipale ndi mitengo imene kuno kulibe. Musakopere zimenezo. Mangochi ali ndi nyengo zake, ndipo aliyense wokulira ku Malindi, ku Nkope, ku Makanjira kapena m'mbali mwa Malombe adzazindikira msanga ngati mwaika chinthu m'mwezi wosakhala wake.

Yambani ndi maso, singano ibwera pambuyo

Tengani kope ndi pensulo, kakhaleni pansi pa mlambe umene mumaudziwa, muujambule momwe ulili. Simukufuna chithunzi chokongola ayi, mukufuna kudziwa kuti thunthu lake lafufuma pati, nthambi zikuluzikulu ndi zingati, ndipo zapotokera kuti. Nthambi 5 kapena 6 ndi zokwanira pa nsalu ya kukula uku.

Kenako lembani zimene nyengo iliyonse imabweretsa. Mlambe umaphuka masamba ndi kuchita maluwa chakumapeto kwa chilimwe mvula ikamayandikira, umakhala wobiriwira dzinja lonse, malambe amakhwima m'masika, ndipo m'chisanu umayoyola masamba n'kutsala nthambi zokha ndi malambe akulendewera. Msangu umachita zosiyana ndi mitengo inzake: umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka mvula ikatha. Ngati mukufuna kuika mtengo wachiwiri patali, msangu ndi wabwino kwambiri pa chifukwa chimenechi, koma muupete wopanda masamba m'gawo la dzinja. Nyanja nayo imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo imaphwera kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala. Choncho mchenga wa pagombe ndi wochepa m'masika, wotambalala m'chilimwe.

Zofunika kukhala nazo

Mita imodzi ya nsalu yoyera ya thonje, yolimba koma yosakhuthala kwambiri, ndiyo maziko. Chitenje chimodzi cha mamita 2, cha mtundu wodekha, chidzakwanira malire ndi kumbuyo komwe. Zigamba za thambo, mapiri, madzi, mchenga ndi thunthu mungazipeze kwa telala aliyense pamsika. Sankhani za thonje, chifukwa zoterera ngati satini zimathawa m'manja ndipo m'mphepete mwake mumayoyoka ulusi.

Ulusi wopetera umagulitsidwa m'timitolo ta mamita 8, ndipo chingwe chake chimakhala ndi timaulusi 6 tosavuta kulekanitsa. Timitolo 14 tikukwanirani: tobiriwira 3 tosiyana kuwala, ta buluu 3, ta khofi 2, toyera 2, kenako kamodzikamodzi kotuwa, kakuda, kachikasu ndi kofiirira ngati dothi la katondo. Ukasowa ulusi wopetera, ulusi wamba wosokera woupinda kanayi umagwira ntchito, kungoti suwala. Onjezani ulusi wosokera wofanana mtundu ndi zigamba zanu, singano za bowo lalitali za nambala 7 kapena 8, sizasi yakuthwa, mapini, tepi yoyezera, katoni yodula chitsanzo, ndi kachidutswa ka sopo kotha kolembera pa nsalu zakuda.

Chomaliza ndi mkombero wokungira nsalu, wa masentimita 20 kuchoka mbali ina kufika ina. Ngati simuupeza wogula, woluka malichero angakupindireni mikombero iwiri ya nsungwi, wina wolowa mothina mkati mwa unzake. Wamkatiwo muukulunge ndi kansalu kakale kuti usaterere komanso usakande nsalu.

Chapani zonse musanadule

Apa ndi pamene ambiri amathamanga, n'kudzalira ntchito itatha. Nsalu ya thonje yatsopano imafupika ikachapidwa koyamba, ndipo zigamba zosiyana zimafupika mosiyana. Mukasoka musanachape, tsiku limene mudzaichape idzakwinyika moti simbi sidzawongola. Viikani nsalu yoyera payokha, chitenje pachokha, zigamba zakuda pazokha, muzitsukuluze mpaka madzi atuluke oyera, muyanike pamthunzi ndi kusita zisanaumitsitse.

Ulusi nawo uyeseni. Dulani kachidutswa ka mtundu uliwonse, kanyowetseni, kakanikizeni pakati pa nsalu yoyera kwa mphindi zingapo. Kakasiya mtundu, viikani kamtolo konse m'madzi ozizira, muzisintha madziwo mpaka kaleke. Wofiira, wakuda ndi wa buluu wakuda ndiwo amavuta kawirikawiri. Umene ukupitirirabe kusuluka mutasintha madzi kangapo, usiyeni. Kamtolo kamodzi kangawononge thovu loyera la mafunde onse.

Kudula ndi kulemba

Dulani nsalu yoyera zidutswa zinayi, chilichonse masentimita 35 mbali zonse. Pakati pa chilichonse lembani ndi pensulo, mopepuka, bokosi la masentimita 25. Masentimita 5 otsala mbali iliyonse ndi ogwirira mkombero. Pindani m'mphepete kamodzi n'kusoka mongogwiriza kuti ulusi usayoyoke pamene mukugwira ntchito.

Kuyeza kuchokera pansi pa bokosilo, lembani mzere pa masentimita 13. Pamenepo ndi pothera madzi kutsidya, ndipo mzerewu ukhale pamalo amodzi m'magawo onse anayi. Mapiri akwere masentimita 3 pamwamba pake. Mchenga ndiwo usinthe: masentimita 6 m'dzinja, 4 m'masika, 5 m'chisanu, 7 m'chilimwe. Thunthu la mlambe lidulireni chitsanzo chimodzi cha katoni, masentimita 6 kufufuma kwake m'munsi ndi 10 kutalika, ndipo mugwiritse ntchito chomwecho kanayi. Liimike chakumanzere, osati pakati penipeni, tsinde lake masentimita 3 kuchokera pansi. Nthambi zijambuleni papepala, muike pepalalo pa galasi la zenera masana, nsalu pamwamba, n'kutsatira mizere ndi pensulo. Bolopeni ndi pepala la kaboni musayese n'komwe, inki yake sichoka.

Kuika zigamba, kuyambira kutali kubwera pafupi

Thambo liyambe, kenako mapiri, madzi, mchenga, thunthu pomaliza. Chigamba chilichonse chiphimbe m'munsi mwa chinzake cha pamwamba ndi sentimita imodzi yokha; mukasanjikiza kwambiri, singano idzavuta kudutsa popeta. M'mbali, zigamba zipitirire mzere wa bokosi ndi sentimita imodzi ndi theka kuti zidzagwidwe ndi msoko wa malire.

Muzipinda m'mphepete mwa pamwamba mokha, mamilimita 5, n'kusita kuti mpenderowo ugone. Pamene pakhota, monga pansonga za mapiri ndi m'mbali mwa thunthu, tsinani mpendero ndi nsonga ya sizasi pang'onopang'ono osafika pa mzere wopindira, apo ayi pakhala timakona. Gwirizani ndi mapini, sokani mongogwiriza, kenako sokani zenizeni ndi timisoko tating'ono totalikirana mamilimita 3, ulusi wofanana ndi chigambacho osati nsalu ya pansi. Zigamba zisokereni nsalu ili chigonere pathebulo. Mkombero ulowe pokhapokha kupeta kukayamba.

Posankha zigamba za thambo, la dzinja likhale lotuwa moderapo, la masika buluu wowala, la chisanu buluu wotumbuluka, la chilimwe lotuwa mokhala ngati lachikasu. Mapiri a chilimwe muwadule pa nsalu yotsala pang'ono kufanana ndi thambo, chifukwa mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimabisa mapiri a Namizimu mpaka amangooneka ngati chithunzithunzi.

Misoko imene muigwiritse ntchito

Dulani ulusi wotalika kuchokera kunsonga ya chala kufika pachigongono, pafupifupi masentimita 45. Wotalika kuposa apo umapiringizika ndipo umatha kuwala chifukwa chokhulana ndi nsalu. Solotsani kaulusi kamodzikamodzi m'chingwe, n'kuphatikiza tiwiri kapena titatu monga mukufunira. Mukasolola tiwiri nthawi imodzi, chingwe chonse chimangana mfundo. Ulusi ukayamba kupotana posoka, lekani singano ilendewere, udzimasula wokha.

Msoko wongoyenda ndi uja aliyense amaudziwa, kulowa ndi kutuluka. Wobwerera m'mbuyo, mumatulutsa singano mamilimita 3 kutsogolo n'kuibweza kukalowa pamene msoko wapitawo wathera. Umapereka mzere wosadukiza. Wachingwe, singano imatulukira pakati pa msoko wapitawo, ulusi uli mbali imodzimodzi nthawi zonse, ndipo mzere wake umaoneka ngati chingwe chopota. Mukasinthasintha mbali ya ulusi, chingwecho chimasokonekera. Watcheni, mumalowetsa singano pabowo lomwe yatulukira, kusiya kagoba, n'kutulukira mkati mwa kagobako mamilimita 4 kutsogolo. Kagoba kamodzi kokhomedwa kunsonga ndi kamsoko kakang'ono kamakhala tsamba. Wodzaza ndi misoko yogundana, ndipo usapitirire sentimita imodzi kutalika, chifukwa wautali umalendewera n'kukodwa. Pomaliza timfundo: tulutsani singano, ikulungeni ulusi kawiri, ilowetseni pambali penipeni pa bowo lija osati momwemo, dzanja linalo litagwira ulusi mokoka mpaka wonse utadutsa. Mukalowetsa m'bowo lomwelo, kamfundo kamathawira kumbuyo. Mukausiya ulusi msanga, kamatuluka kolobodoka.

Poyamba ndi pomaliza musamange mfundo zazikulu kumbuyo, zimaoneka ngati timatuza mukasita. Siyani kamchira ka masentimita 2 n'kukapanikiza ndi misoko yoyamba. Pomaliza lowetsani ulusi pansi pa misoko inayi ya kumbuyo.

Yambani ndi nthambi m'magawo onse anayi musanakhudze china, ndi msoko wachingwe, timaulusi 3 ta khofi. Pafupi ndi thunthu ikani mizere itatu yogundana, pakati iwiri, kunsonga umodzi, kuti nthambi izionda ikamapita. Makwinya a khungwa ndi mizere ingapo yotuwa yotsika ndi thunthu, kaulusi kamodzi. Kuchita zonse zinayi motsatizana kumathandiza kuti dzanja lisasinthe, mtengo uonekedi kuti ndi umodzi.

Dzinja

Gawo ili ndi la masamba, ndipo limadya nthawi. Tsamba la mlambe lili ngati chikhatho, timasamba 5 mpaka 7 tochokera pamalo amodzi. Ikani tigoba 5 ta tcheni tochokera pabowo limodzi, timaulusi 2, kutalika mamilimita 5. Yambani ndi wobiriwira wakuda pafupi ndi nthambi, wapakati pamwamba pake, wowala kunsonga ndi kumtunda kumene kuwala kumagwa. Musadzaze ponse, siyani mipata kuti nthambi ndi thambo zizionekera, apo ayi mtengo usanduka chibulunga chobiriwira chosadziwika kuti ndi mlambe kapena mango. Mvula ndi msoko wongoyenda, kaulusi kamodzi kotuwa, mizere yonse yopendekera mbali imodzi. Pafupi ndi gombe sakanizani kaulusi ka khofi ndi ka buluu m'singano imodzi, chifukwa mitsinje ikasefukira madzi a m'mbali amachita matope.

Masika

Masamba achepe, ena akhale achikasu. Malambe ndi msoko wodzaza, mamilimita 8 kutalika, wobiriwira mosakanikirana ndi wotuwa, lililonse likulendewera pa kamsoko kamodzi kowongoka. Madzi akhale odzadza ndi abuluu wowala, mizere yowongoka ya msoko wobwerera. Pamchenga, kumanja, mungaike mapesi ouma atatu kapena anayi, kapena tchire la thonje ndi timfundo toyera ta timaulusi 6 onse.

Chisanu

Kuno mtengo watha kale, popeza ulibe masamba; onjezani malambe ochepa a khofi basi. Ntchito yonse ili pamadzi, ndipo ndi pamene nsalu yanu idzaonekere ngati yasokedwa ndi munthu wodziwa nyanja. Mwera umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka mu Juni ndi Julayi, ndipo mafunde ake onse amaloza mbali imodzi. Sankhani mbaliyo musanayambe, muilembe ndi kamuvi kunja kwa bokosi kuti musaiwale.

Funde lililonse ndi kamzere kokhota ka msoko wachingwe, buluu wakuda, kokwera pang'onopang'ono n'kugwa mwadzidzidzi. Pamutu pake ikani timfundo toyera titatu kapena tinayi tothithikana, ndilo thovu. Chinsinsi chili pa kukula kwake. Pafupi ndi mchenga funde likhale masentimita 3, timaulusi 3, motalikirana. Pakati likhale masentimita 2, timaulusi 2. Kufupi ndi mzere wa kutsidya likhale kamsoko kamodzi ka mamilimita 4, kaulusi kamodzi, mizere yoyandikana kwambiri. Mukawapanga ofanana onse, nyanja imaimirira ngati khoma m'malo mogona n'kupita kutali. Musawandandike m'mizere ngati chimanga cha m'munda. Funde lina liyambire pamene linzake lafika pakati.

Bwato la gawo lino likhale pamtunda, lokokeredwa pamchenga, nkhafi itatsamira pambali, pakuti mwera ukakula asodzi salowa m'madzi. Bango la m'mbali lipendekere komwe mafunde akupita.

Chilimwe

Madzi adekhe: mizere yochepa, yaitali, ya buluu wotumbuluka, ndi kamzere kachikasu pamene dzuwa likunyezimira. Pamchenga wotambalalawo pali malo a thandala. Miyendo yake ndi misoko yowongoka ya khofi, pamwamba mzere wa msoko wobwerera, ndipo usipa ndi timisoko ta mamilimita 3, kaulusi koyera ndi kotuwa pamodzi, tomwazika mosalongosoka. Kunsonga za nthambi ikani timasamba tochepa towala, ndi maluwa atatu kapena anayi. Duwa la mlambe ndi loyera ndipo limalendewera chozondoka pa phesi lalitali, choncho tigoba take 5 tiloze pansi, kamfundo kachikasu kali m'munsi mwake. Kutali, m'munsi mwa mapiri, kachigamba ka misoko yakuda kakuimira lupsa limene likudikira mvula ya chizimalupsa.

Nkhwazi ikhale pa nthambi ya pamwamba m'gawo limodzi lokha, ndipo chilimwe kapena chisanu ndiye pabwino chifukwa masamba saibisa. Mutu, chifuwa ndi mchira ndi zoyera, mimba yofiirira, mapiko akuda, tsinde la mlomo lachikasu. Masentimita 2 ndi okwanira. Yambani ndi zoyera, zakuda zibwere pomaliza kuti ubweya wa ulusi wakuda usalowe m'zoyerazo.

Zimene zimalakwika pakati pa ntchito

Nsalu ikamakwinyika mozungulira popeta, ndiye kuti mukukoka ulusi kwambiri kapena mkombero walobodoka. Nsalu izikhala yokungika ngati ng'oma, koma ulusi uzingogona pamwamba pake. Mukaona makwinya, masulani misokoyo pomwepo; kusita sikudzawachotsa. Ulusi wakuda musaudumphitse kumbuyo kupitirira sentimita imodzi, umaonekera kutsogolo makamaka pathambo lowala.

Kuno kunyanja chinyezi chimachititsa singano dzimbiri msanga, makamaka m'dzinja. Singano yosiyidwa pa nsalu usiku umodzi kapena uwiri ingasiye timadontho tofiira tosachoka. Muziibaya pa kansalu kena, ndipo mkombero muziuchotsa mukaweruka kuti usasiye mzere. M'miyezi yotentha thukuta ndi mafuta odzola zimadetsa zoyera, ndiye sambani m'manja musanayambe, ndipo petani m'mawa pakhonde dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Mitundu ya ulusi isankheni masana. Kuwala kwa tochi kapena babu kumanamiza, buluu awiri osiyana amaoneka amodzi.

Kulumikiza ndi kumaliza

Chapani gawo lililonse m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osafikisa kapena kufinya. Likulungeni m'thaulo kuti madzi achoke, muyanike chogoneka pamthunzi. Sitani kumbuyo, kumaso kutagona pa thaulo lofewa, kuti timfundo tisaphwanyike. Ngati simbi ndi yamakala, ikani kansalu koyera pakati kuopa phulusa ndi tizikala.

Dulani gawo lililonse likhale masentimita 27 mbali zonse, kutanthauza sentimita imodzi kunja kwa mzere wa bokosi. Pa chitenje dulani timizere ta masentimita 7 mulifupi: tiwiri totalika 27, titatu totalika 57, tiwiri totalika 67. Misoko yonse ikhale ya sentimita imodzi, yobwerera m'mbuyo. Lumikizani dzinja ndi masika ndi kamzere ka 27 pakati, chimodzimodzinso chisanu ndi chilimwe. Mizere iwiriyo ilumikizeni ndi ka 57 pakati, dzinja ndi masika pamwamba. Apa bayani mapini pamphambano poyamba, kuti kamzere ka pamwamba kalunjike ndi ka pansi. Kupatuka kwa mamilimita 3 kokha kumaoneka munthu ali pakhomo. Tiwiri ta 57 totsala tipite kumanzere ndi kumanja, ta 67 pamwamba ndi pansi.

Nsalu ya kumbuyo idulidwe masentimita 67 mbali zonse. Igonekeni kumaso ndi kumaso ndi yopetayo, sokani kuzungulira kusiya mpata wa masentimita 15 m'munsi, dulani nsonga za m'makona, tembenuzani, tsekani mpatawo ndi timisoko tobisika. Sokani msoko wongoyenda motsatira m'mphepete mwa gawo lililonse, wodutsa nsalu zonse ziwiri, kuti ya kumbuyo isafufume. Pomaliza dulani kansalu ka masentimita 63 mulitali ndi 12 mulifupi, pindani nsonga zake, kapindeni pakati n'kukasoka ngati paipi, kenako kasokereni kumbuyo sentimita imodzi pansi pa m'mphepete mwa pamwamba. Mmenemo mudutsa nsungwi yowongoka, youma bwino, ya masentimita 70, ndi chingwe chomangidwa kunsonga zake. Nsungwi yaiwisi imapindika ndipo imafumbwa.

Dzina lanu ndi chaka muzipete kumbuyo, pakona ya m'munsi, ndi msoko wobwerera. Pachikani pakhoma limene dzuwa silifika mwachindunji, kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi kumene amawamba nsomba. M'dzinja muziichotsa pakhoma nthawi ndi nthawi n'kuiyanika pamthunzi pamene pakupita mphepo, chifukwa khoma lonyowa limayambitsa nkhungu kumbuyo kwa nsalu kutsogolo kukuonekabe bwino.